Ngoma Yopanda Nkhodolero

Ndinasiya koleji m'chaka chachiwiri. Kunena mwaulemu, ine ndi koleji tinakhala pansi, tinayang'anizana, n'kugwirizana kuti aliyense ayende njira yake. Koleji inapitirira osandisowa. Ine ndinabwerera kwa makolo anga ku Nkolokosa ndi chikwama cha mabuku komanso kamera imene mlongo wanga wa ku Joni ananditumizira poganiza kuti idzandijambula tsiku lovala mkanjo. Mkanjowo sindinauvale, koma kamera sinagone. Kwa zaka zitatu ndinali wojambula zinkhoswe, maukwati, ndi maphwando okumbukira kubadwa kwa makanda amene sanapemphe kujambulidwa.

Bambo anga anagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina m'tauni mpaka kupuma. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo nyuzi amawerenga atagwira cholembera chofiira. Kalata ya ukwati akhoza kuibweza kwa eni ake chifukwa mpumiro wasowa. Ntchito yangayi iwo sankaitcha ntchito, ankaitcha zoyendayenda zakozo. Ndikabwera Loweruka madzulo nditanyamula chidutswa cha keke m'kapepala, ankangoyang'ana kekeyo, kenako ine, kenako n'kubwerera ku nyuzi yawo.

Tsiku lina mu Epulo anandiitana pakhonde. Anati malume anga, amene ali ndi sitolo ya hadiweya ku Limbe, akusowa munthu woyeza misomali pasikelo, ndipo banja litaunguzaunguza lapeza kuti munthuyo ndine. Ndiyambe Juni akangolowa, kamera ibwerere kwa mwini wake ku Joni. Ndinadandaula monga adandaulira munthu wodya za eni, motsitsa mawu. Iwo anavula magalasi.

“Chabwino,” anatero. “Meyi asanathe, ndione ndi maso angawa chithunzi chojambula iwe chili pakhoma pa munthu amene si mbale wako. Ndipo m'chithunzimo musakhale velo. Zikatero ndidzati ndi ntchito.”

Ndinavomera mofulumira, chifukwa munthu akamamira sasankha udzu wogwira. Nditalowa m'nyumba ndinatsegula zithunzi zanga zonse za zaka zitatu. Paliponse velo. Pamene panalibe velo panali keke.

Patatha sabata, uthenga unalowa pafoni. Unachokera kwa a Haji, bambo wachikulire wa ku Limbe amene ali ndi malole onyamula katundu. Ndinawajambulirapo ukwati wa mwana wawo wamkazi, ndipo nambala yanga anaisunga. Uthengawo unali wotere: Salaamu mwanangu. Ndikufuna chithunzi cha ngoma yaimuna, yaikulu, yachikopa chokongola, itaima bwino. Chikakhale pakhoma mu ofesi yanga yatsopano. Tikutsegula kumapeto kwa Meyi.

Apa ndiyenera kudziteteza pang'ono, ngakhale mlandu unaweruzidwa kale. Munthu wa ku Blantyre pafoni salemba nkhodolero, kachizindikiro kaja kokhala ngati kambedza kolendewera pamwamba pa mawu. Ng'ombe timalemba ngombe, pang'ono timalemba pangono, ndipo palibe amene anafapo nazo. Wowerenga ndi amene amaikamo kambedzako ndi maso ake. Tsono ine, monga munthu amene anapondako kukoleji, ndinaona ngoma n'kuwerenga ng'oma, yoimba ija. Ndinawamveranso chisoni a Haji, kuti chuma ali nacho koma kalembedwe kanawapita pambali. Ndikanatha kuwaimbira foni, akanatchula mawuwo ndi pakamwa, nkhani ikanathera pomwepo. Sindinatero. Ndinkakhulupirira kuti katswiri safunsa.

Chifukwa chake cha ng'omayo ndinadzipezera ndekha: malole awo amamveka patali, ng'omanso imamveka patali. Vuto linali pa umuna basi. Ndinakwera minibasi ya ku Chimwankhunda, kutchalitchi china cha Akatolika kumene ndinkadziwana ndi wotsogolera kwaya, poti maukwati ambiri tinkakumanirana. Anandilowetsa m'kachipinda kosungira ng'oma. Zinalimo zinayi. Ndinawafunsa ndi nkhope ya ntchito kuti mwa zinayizo yaimuna ndi iti.

Anaziyang'ana zinayizo imodziimodzi. Kenako anati aimbitsa kwaya kuyambira ali ndi tsitsi, koma funso limenelo silinawapezepo. Analoza yaikulu kwambiri, yakuda ndi manja a anthu, nati imeneyo ikalankhula zinzake zimakhala chete. Kaya umenewo ndi umuna kaya ndi uchembere, iwo sangalumbire. Ine ndinati ndi umuna. Tinaitulutsa panja, tinaipukuta, tinaiimika pansi pa mtengo wa mango dzuwa likupendeka. Ndinagona chafufumimba m'fumbi kuti ioneke yamphamvu. Ndinene pano mosanyada kuti chithunzi chimenecho chinali chabwino koposa zonse zimene ndinali nditajambulapo. Chikopa chinkaoneka mzere uliwonse. Ndinachisindikiza chachikulu, ndinachiika mufelemu, n'kuchinyamula pamiyendo m'minibasi mpaka ku Limbe, kondakitala akundiwerengera felemuyo ngati munthu wachiwiri.

A Haji ndinawapeza mu ofesi yatsopanoyo, penti akununkhabe, madalaivala awo atatu atakhala pabenchi. Ndinavundukula chithunzi mwa mwambo wake, pang'onopang'ono. Anachiyang'ana. Anasuntha kofia yawo n'kukanda pamutu. Anayamikira kuti ng'omayo ndi yokongola ndithu, n'kufunsa ngati ndikuigulitsa. Kenako anatulutsa foni, anakulitsa uthenga uja ndi zala ziwiri, n'kundipatsa.

“Tawerenga mokweza, mwanangu.”

Ndinawerenga. Nditafika pa mawu aja ndinati ng'oma.

“Kambedza kajako ukukaona pati?”

Ndinayang'ana. Ndinapendeketsa foni ngati kangagwe kuchokera pakona. Panalibe.

“Ngoma,” anatero a Haji, akukweza zala ziwiri pamwamba pa kofia n'kuzizunguza mopotapota kukwera m'mwamba. “Ya nyanga. Ya kutchire.”

Madalaivala aja sanaseke nthawi yomweyo. Anatuluka kaye panja mwaulemu, mmodzimmodzi, n'kukasekera kuseri kwa lole. Khoma la ofesiyo ndi lopyapyala.

A Haji anati iwo sukulu analekera Sitandade 4, koma mphunzitsi wawo wa Chinyanja anali ndi ndodo, ndipo nkhodolero anaiphunzira ndi thupi lonse. Kenako anandikhazika pampando n'kundiuza chimene ankafunira nyamayo. Ali mnyamata, akuyendetsa lole ya eni ake, ankatsetsereka phiri la ku Chikwawa m'mamawa wina, tulo tili m'maso, liwiro lopitirira. Atakhota pena anapeza ngoma yamphongo itaima pakati pa msewu, mutu uli m'mwamba, ikuwayang'ana ngati mwini msewu. Anaponda mabuleki, tulo tonse balala. Nyamayo inachoka mosafulumira. Kutsogolo pang'ono kunali kona loipa limene pa liwiro lija sakanalikhota. Sanati nyamayo inatumidwa. Anangoti Mulungu ali ndi antchito ambiri. Ana awo anawapezera zithunzi za ngoma pa intaneti, koma iwo anakana, ati zimenezo ndi ngoma za eni ake, zojambulidwa ndi anthu osawadziwa. Ankafuna ya kuno, itaima monga inaimira ija, yojambulidwa ndi munthu woti akhoza kumufunsa kuti kunali bwanji.

Ndinafuna kunyamula felemu yanga. Anati ndiisiye pomwepo, itsamire khoma, ikhale mboni.

Nkhaniyi ndinauza mayi anga okha, mwachinsinsi, kutanthauza kuti bambo anaimva tisanadye. Bambowo anatenga nyuzi yawo. Anang'amba kam'mbali ka nyuzi, analembapo mawu awiri ndi cholembera chofiira, lina pamwamba lina pansi, anazunguliza kambedza kaja, n'kuika kapepalako pafupi ndi mbale yanga. Sindinawaonepo akudya mokoma chonchija. Atasamba m'manja anandiuza kuti malume andigulira kale dasitikoti yabuluu yovala m'sitolo, ndipo akufunsa ngati manja ake asafupikitsidwe.

Ngoma ine ndinali ndisanaionepo, kupatula pa chikuto cha kope la kupulayimale. Mmodzi wa madalaivala aja, atatha kuseka, anandiuza kuti kupitirira Chigumula, njira ya ku Thyolo, kuli malo aakulu otchingidwa ndi waya kumene nyama zakutchire zimakhala mwa ufulu wawo m'thengo, ndipo mlamu wake ndi mlonda wa nyama kumeneko. Anamuimbira, nkhani inakonzeka. Ndinali ndi masiku atatu okha amene mlondayo akanatha kuyenda nane, ndipo lomaliza linali m'sabata yotsiriza ya Meyi.

Tsiku loyamba ndinakwera minibasi yoyambirira ku Limbe, ndinatsika pasiteji, ndinayenda wapansi kudutsa timinda ta chimanga chouma, mpaka pageti. Ndinavala monga ndivalira pa ntchito: malaya oyera, nsapato zosongoka, ndi perefyumu wa maukwati. Mlondayo anali bambo wamfupi, waimvi, wolankhula motsitsa ngati ali pamaliro. Anayang'ana nsapato, anayang'ana malaya, anakoka mpweya ndi mphuno.

“Ajambuli,” anatero, “ngoma yakumvani mukadali pa Chigumula.”

Anandibwereka ovolosi yakale yonunkha utsi ndi majombo aakulu kuposa mapazi anga. Tikuyenda anandiphunzitsa monong'ona. Anati ndabwera nyengo yabwino, chifukwa mvula ikatha, kuzizira kukamayamba, ngoma zamphongo zimafuna zazikazi. Khosi limatupa, kudya zimaiwala, zimakwapula zitsamba ndi nyanga, zimakumba matope, ndipo zikakumana ziwiri zofanana mphamvu nyanga zimalira ngati anthu akuwaza nkhuni. Anati kuli yamphongo imodzi yaikulu, yanyanga zopota pafupifupi katatu, imene alendo onse amaifuna koma ochepa anaiona yathunthu. Malamulo anali awiri. Loyamba, mphepo izikuomba kumaso, osati kumsana. Iye anali ndi sokosi yodzaza phulusa imene ankaigwedeza kuti aone kumene fumbi likulowera. Lachiwiri, pakamwa potseka. Lamulo lachiwirili analibwereza katatu, akundiyang'ana ngati munthu amene anamva mbiri yanga.

Tinatsata mapazi a yamphongo ija tsiku lonse. Ndinaona ndowe zake, zimene mlonda anaziphwanya ndi chala n'kunena kuti ndi za m'mawa womwewo. Ndinaona chitsamba chimene inachikwapula mpaka kusenda makungwa. Cha m'ma leveni anandigwira mkono n'kuloza pathengo. Ndinayang'ana, ndinaona thengo. Analozanso. Ndinajambula thengolo. Pambuyo pake, pa galasi la kamera, anandilozera timizere toyera pakati pa nthambi, nalumbira kuti imeneyo ndi nthiti ya ngoma. Chithunzicho ndikadali nacho. Aliyense amene ndimamuonetsa amayamikira mitengo.

Tsiku lachiwiri kunagwa chiperoni. Kamvula kosalekeza, nkhungu mpaka m'mawondo, kamera ndaibisa m'jumbo ngati nyama yogula pamsika. Tinatsatanso mapazi, kukwera chitunda, kutsika chitunda. Pena ndinaterereka n'kugwira chingwe cha chomera kuti ndisagwe. Chinali chitedze. Amene chitedze chinamugwirapo safuna kufotokozeredwa, ndipo amene sichinamugwire sangamvetse. Ndinasunga lamulo la pakamwa potseka, koma ndinavina. Ndili mkati movina, patsogolo pathu thengo linagwedezeka, ndipo chinthu chinakuwa kamodzi, mawu aakulu okhadzula: bho! Kwathu ku Blantyre munthu akati bho ndiye kuti zonse zili bwino. Kwa ngoma ndiye kuti msonkhano watha. Ndinakweza kamera n'kujambula. Ndinapeza mchira wopindikira m'mwamba, woyera kunsi kwake, ndi matako awiri olimba akulowa m'nkhungu.

Pobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo m'minibasi, ndikudzikanda, mayi wina wonyamula kabichi akusunthira kutali. Ndinayang'ana chithunzi cha matako chija. Ndinkachidziwa. Ndinali ndi zambiri zotero za chaka changa choyamba pa maukwati: msana wa jekete, chidendene cha nsapato, khutu la mkwati akutembenuka. Mkwati pa tsiku lake sakhazikika. Apa akupereka moni kwa amalume, apo akuyankha foni, uko akufunsa za galimoto imene yasowa ndi adzakhali. Ukamuthamangitsa umajambula msana tsiku lonse. Wojambula amene wapsa pa ntchito amadziwa kuti mkwati sathamangitsidwa. Umapeza pamene pakhala mkwatibwi, umasankha mbali imene kuwala kukuchokera, n'kukhala phee. Abwera yekha. Alibe kwina kopita.

Tinadutsa Chigumula ndikuganiza zimenezi, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kudzikanda.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinasamba ndi madzi okha, opanda sopo. Bambo anali pakhonde kale, atafunda bulangete, ndipo anandikumbutsa mwachikondi kuti malume amatsegula sitolo hafu pasiti seveni. Nditafika pageti ndinauza mlonda kuti lero yamphongo tiisiye, andiperekeze kumene zazikazi zimadyera. Anandiyang'ana kwa nthawi. Anati alendo onse amati tiyeni titsate yanyangayo, ndipo iye amawatsatitsa, poti mlendo sakanizidwa thukuta lake. Za zazikazi palibe anamufunsapo. Anagwedeza sokosi yake ya phulusa, natembenukira kwina.

Ananditengera m'mphepete mwa kadambo kena, kumene thengo limathera n'kusiya bwalo la udzu waufupi ndi zitsamba zobiriwira. Panali chulu chachikulu. Tinakhala kuseri kwake, dzuwa kumsana, mphepo kumaso. Chiperoni chinali chitachoka, kumwamba kuli mbee. Sipanapite nthawi, zazikazi zinayi zinatulukira, zofiirira, zopanda nyanga, makutu aakulu ngati mbale za dishi, zikubudula masamba mwaulemu ngati azimayi a kumpando wapamwamba. Imodzi inkangoima, kuyang'ana kumbuyo, n'kugwedeza mchira. Ndinati mumtima, mkwatibwi ndi ameneyu.

Tinadikira. Mwendo wanga wamanzere unafa, wamanja unapita kukaulira. Nyerere zinandipeza n'kuitana abale awo. Mlonda anali duu, ngati anabadwira pachulupo. Ndinayamba kuganiza za misomali, kuti mwina ili ndi ubwino wake, siithawa, siinunkhiza munthu, ndipo ukaiika pasikelo imakhala pomwepo.

Kenako nthambi ziwiri zouma kuseri kwa zitsamba zinayamba kuyenda.

Zinali nyanga. Zinabwera zokha poyamba, zopotapota, nsonga zake zoyera, zikuyandama pamwamba pa masamba. Kenako mwini wake anatuluka. Ndajambulapo akwati ovala masuti obwereka ndi ogula, koma sindinaonepo mwamuna wovala bwino chotero. Thupi lotuwa, mizere yoyera yotsika m'nthiti ngati yojambula ndi choko, khosi lotupa, ndevu zolendewera mpaka pachifuwa, nyanga zopakika matope. Mtima wanga unkagunda ngati ng'oma ya ku Chimwankhunda ija, yokhala ndi nkhodolero.

Koma mkwatiyo anali pa ntchito yake. Anatsitsa mutu, anatambasula khosi, nyanga zitagona kumsana, n'kumatsata yaikazi ija pambuyo, akung'ung'udza pansipansi. Ikaima, iye aima. Ikayenda, iye ayenda. Ananunkhiza pamene inaima, anapinda mlomo wam'mwamba ngati munthu amene walawa mandimu. Yamphongo ina yaing'ono, yanyanga zopota kamodzi, inasuzumira m'mphepete mwa bwalo. Wamkuluyo anangopendekera cham'mbali, ubweya wa pamsana uli njo, ndipo wamng'onoyo anakumbukira kuti ali ndi zochita kwina. Ndinajambula zonsezi, koma palibe chimene chinali cha a Haji. Pena mutu uli pansi, pena chitsamba chaphimba nkhope, pena matako omwe aja. Iwo anati itaima bwino, mutu m'mwamba, ikuyang'ana munthu.

Zazikazi zinayamba kulowa m'thengo, imodzi, iwiri, itatu. Mkwatibwi anatsatira. Yamphongo inali pambuyo pake, mutu pansi, ikudutsa malo otseguka omaliza, dzuwa likuiwalira thupi lonse. Kunatsala mapazi asanu kuti ilowe. Anayi. Kuseri kwa thengo limenelo ndinkaona dasitikoti yabuluu ikundidikira pamsomali.

Sindinaganize. Pakamwa panatseguka pokha, ndipo panatuluka mawu amene ndawanena Loweruka lililonse kwa zaka zitatu, ndi kamvekedwe kake komwe, kaulemu koma kosapempha:

“A mkwati, maso kuno pang'ono.”

Inaima. Inadzutsa mutu, nyanga zinakwera mpaka ndinaopa kuti sizikwana m'chithunzi. Inatembenuza khosi lonse, makutu onse awiri tcheru, kamzere koyera pakati pa maso kali kulunjika ine. Nkhope yake ndinkaidziwa: ya mwamuna amene wasokonezedwa pa nkhani yofunika, koma analeredwa bwino. Ndinadina katatu. Kachinayi kanajambula udzu. Bho! ndipo thengo linatsekeka.

Ndinali nditaphwanya lamulo lachiwiri, ndipo sindinayerekeze kuyang'ana kumbali. Mlonda anatambasula dzanja, ndinamupatsa kamera. Anaphimba galasi ndi chipewa kuti aone bwino. Anayang'ana choyamba, chachiwiri, chachitatu, n'kubwerera ku chachiwiri. M'menemo inali yathunthu, kuyambira ziboda mpaka nsonga za nyanga, diso likunyezimira, kachidutswa ka matope kakulendewera pa nyanga yamanzere.

“Zaka zonsezi ndakhala ndikuinyang'amira,” anatero monong'ona. “Kani imangofuna ulemu.”

Tsiku lotsegulira ofesi bambo anavala suti yawo ya mgonero, anaika cholembera chofiira m'thumba la pachifuwa, ndipo tinakwera minibasi ya ku Limbe. Kunali anthu ndithu, madalaivala, amalonda anzawo, fungo la mpunga wa nyama likuchokera kuseri. A Haji anali atachiona kale chithunzicho dzulo lake. Atachiona sananene kuti n'chabwino. Anangokhala pampando n'kuchiyang'ana, kenako n'kundifunsa kuti kunali bwanji, ndipo ndinawauza zonse, ndi chitedze chomwe.

A Haji anawalandira bambo ndi manja awiri n'kuwalowetsa mkati. Pakhoma loyang'ana pakhomo panali ngoma, yaikulu, ikuyang'ana aliyense wolowa ngati mwini msewu. Pambali pake, chimene sindinkachiyembekezera, panali ng'oma ya ku Chimwankhunda. A Haji anali ataitanitsa wolemba zikwangwani kuti alembe dzina pansi pa chilichonse. Anati n'zothandiza ana asukulu.

Bambo anavala magalasi. Sanayambe ndi zithunzi, anayamba ndi mawu a pansiwo. Dzanja linapita pathumba, linagwira cholembera, linakhala pomwepo kanthawi, n'kutsika lopanda kanthu. Kenako akuluakulu awiriwo anakambirana za aphunzitsi a Chinyanja akale ndi ndodo zawo, mkulu wa mpingo ndi Haji, akugwirizana pa mfundo iliyonse, makamaka yakuti ana a masiku ano amawerenga zimene sizinalembedwe. Ine ndinaima pambali ngati chitsanzo.

Tsoka lake, a Haji anapitiriza. Anafotokoza mokondwa mmene ndinaipezera nyamayo, za mkwatibwi, za kuseri kwa chulu, mpaka mawu amene ndinaiuza. Madalaivala, amene tsopano ankanditcha a mkwati, anavomereza. Bambo anatembenuka pang'onopang'ono.

“Ndiye kuti,” anatero, “chimenechinso ndi chithunzi cha ukwati.”

Ndinayankha kuti inde, tinganene choncho, bambo. Anayandikira khoma, manja kumbuyo, anayang'ana kuyambira nyanga mpaka ziboda, anayang'ananso m'makona ngati kalaliki wofuna siginecha. Anatenga nthawi yawo yonse.

“Koma ine ndinati velo,” anatero. “Velo palibe.”

Anafunsa a Haji ngati pali chibale chilichonse pakati pa mabanja athu, ngakhale cha kuchikazi. A Haji anati palibe chimene akuchidziwa. Bambo anagwedeza mutu, anavula magalasi, n'kuvomera mbale ya mpunga.

Pobwerera sitinapite kudepoti mwachindunji. Anati tidzere kwa malume. Tinawapeza ali pasikelo okha, akuyeza misomali ya mainchesi anayi. Bambo anawapatsa moni wonse, anafunsa za alamu ndi ana, kenako anati munthu uja amene banja linamupeza sapezekanso, ali ndi ntchito. Mawu akuti ntchito anawatchula osandiyang'ana, koma anawatchula onse, zilembo zake zosasowa. Malume anadandaula za dasitikoti imene anagula kale. Bambo anati imeneyo ndiitenge ine, ingawonongeke.

Ndinaitenga. Ndi nsalu yolimba, manja ake ndi aatali bwino, ndipo chitedze sichilowa. Ndimaivala ndikamapita kuthengo.